Mtengo wa Juan Soto: momwe matimu a baseball amasinthanirana osewera ligi ikatseka

Ligi ya Major League Baseball imatha kumapeto kwa Okutobala kapena m'masiku oyambirira a Novembala, ndipo mpira suseweredwanso mpaka Febuluwale pomwe matimu amakasonkhana ku Florida ndi ku Arizona kukakonzekera. Miyezi yapakatiyi anthu a ku America amaitcha Hot Stove, dzina lokumbutsa kale pomwe masapota ankaothera mbaula kunja kukuzizira n'kumakangana za yemwe timu yawo imutenge ndi yemwe imutaye. Mikangano yake ndi yomweyomweyo chaka ndi chaka: tapereka zambiri, taumira, tataya mwana yemwe akanadzatitukula.

Woti timvetsere bwino msika umenewu ndi Juan Soto, womenya mpira wa ku Dominican Republic yemwe anasintha matimu katatu m'zaka zosakwana 3. Nthawi iliyonse mtengo wake unali wosiyana, chonsecho luso lake silinasinthe. Chomwe chinkasintha ndi kuchuluka kwa zaka zomwe timu ikanatha kumusunga iye asanapeze ufulu wodzisankhira kopita. Zaka zimenezi ndiye katundu weniweni yemwe amagulitsidwa pamsikawu.

Zaka 6 zoyambirira

Ozolowera mpira wamiyendo amadziwa kuti timu imagula wosewera popereka ndalama ku timu inzake. Mu baseball ya ku America zotere sizichitika kawirikawiri. Matimu amasinthana osewera, ndipo kontrakiti imamutsatira munthuyo komwe wapita, malipiro osasintha. Wosewerayo safunsidwa n'komwe, pokhapokha kontrakiti yake ikhale ndi mfundo yokana kusinthidwa, kapena akhale atakwanitsa zaka 10 mu ligi, 5 zomalizira ali pa timu imodzi.

Wosewera akangolowa mu ligi yaikulu amayamba kuwerengeredwa masiku. Masiku 172 ali pamndandanda wa timu ndiwo chaka chimodzi, ngakhale kuti sizoni yonse imakhala ndi masiku pafupifupi 187. Pazaka 3 zoyambirira timu imamulipira zomwe yafuna bola zisachepere malipiro otsikitsitsa, omwe mu 2024 anali madola 740,000 ndipo mu 2025 anali 760,000. Zaka 3 zotsatira amalowa m'dongosolo lotchedwa arbitration: iye amatchula ndalama yake, timu imatchulanso yake, ndipo akalephera kugwirizana nkhani imapita kwa oweruza 3 omwe amasankha nambala imodzi mwa ziwirizo, osaloledwa kudula pakati. Kagulu kena, 22 pa 100 alionse omwe ali ndi masiku ochuluka pakati pa zaka 2 ndi 3, kamalowa m'dongosololi msanga. Soto anali m'gulu limeneli, n'chifukwa chake malipiro ake anakwera kanayi: madola 8.5 miliyoni mu 2021, 17.1 miliyoni mu 2022, 23 miliyoni mu 2023 ndi 31 miliyoni mu 2024. Zaka 6 zikakwana, wosewera amamasuka.

Kuonekera pamaso pa oweruzawa kumasiya mabala, poti timu imayenera kunena zofooka za munthu wake iye ali pomwepo akumva. Mu 2023 Milwaukee Brewers inakokana ndi woponya wake Corbin Burnes pa kusiyana kwa madola 740,000 okha. Timu inapambana, koma Burnes ananena poyera kuti ubale wawo wasokonekera, ndipo chaka chotsatira anasinthidwa kupita ku Baltimore.

Kawerengedwe ka masiku kali ndi kachinyengo kake kodziwika. Mu 2015 Chicago Cubs inamusiya Kris Bryant ku ligi yaing'ono kwa masabata awiri oyambirira ngakhale aliyense ankaona kuti wapsa, n'kumuitana pa 17 Epulo. Anatsiriza chakacho ndi masiku 171, kuperewera tsiku limodzi, zomwe zinapatsa Cubs chaka chathunthu chowonjezera. Anadandaula koma mlandu unamugomera mu 2020. Mgwirizano wa eni matimu ndi bungwe la osewera wa mu 2022 unayesa kutseka mpatawu: wosewera yemwe wathera pa nambala 1 kapena 2 pa mavoti a Rookie of the Year, mphotho ya wosewera watsopano wochita bwino koposa, amapatsidwa chaka chathunthu ngakhale ataitanidwa mochedwa, ndipo timu yomwe yayamba sizoni ndi mphukira yake yodziwika imalandira mwayi wowonjezera pa masankho a chaka ndi chaka momwe matimu amasankha achinyamata motsatana, mwanayo akapata mphothoyo. Seattle inapindula choncho ndi Julio Rodríguez.

Mitengo itatu ya munthu mmodzi

Mu Julayi 2022 zinamveka kuti Soto wakana madola 440 miliyoni a zaka 15 kuchokera ku Washington Nationals. Timuyo inali pansi pa ligi ndipo inaona kuti ikadzayambanso kupambana iye adzakhala atapita. Pa 2 Ogasiti inamutumiza ku San Diego Padres limodzi ndi Josh Bell. Panthawiyo anali ndi zaka ziwiri ndi theka asanamasuke, kutanthauza kuti Padres ikanatha kulimbirana naye chikho maulendo atatu. Mtengo wake unali waukulu zedi: CJ Abrams, MacKenzie Gore, James Wood, Robert Hassell III, Jarlin Susana ndi Luke Voit. Kupatula Voit, onsewo anali achinyamata omwe zaka zawo zotsika mtengo zinali zisanadyeke.

Patangotha miyezi 16, Padres inamugulitsanso. Mu 2023 inali itawononga ndalama zambiri koma inangopambana masewero 82 mwa 162 osalowa m'ndime ya chipulula, ndipo mwini wake Peter Seidler anamwalira mu Novembala chaka chomwecho. Malipiro anayenera kutsika. Soto anali atatsala ndi chaka chimodzi chokha, chamadola oposa 30 miliyoni. New York Yankees inamutenga mu Disembala 2023 limodzi ndi Trent Grisham, n'kupereka oponya Michael King, Drew Thorpe, Jhony Brito ndi Randy Vásquez, kuphatikizapo wowakha Kyle Higashioka. Ndi osewera abwino ndithu, koma panalibe wina wofanana ndi Wood kapena Abrams. Chaka chimodzi sichigulidwa pamtengo wa zaka ziwiri ndi theka.

Ulendo wachitatu panalibe chosinthana. Mu Disembala 2024 Soto, ali ndi zaka 26, anasaina ndi New York Mets madola 765 miliyoni a zaka 15, kontrakiti yaikulu kuposa ina iliyonse m'mbiri ya masewerawa. Yankees inamuika pa qualifying offer, kontrakiti ya chaka chimodzi yomwe mtengo wake umawerengedwa kuchokera ku malipiro a osewera 125 olandira kwambiri. Chaka chimenecho inali madola 21.05 miliyoni. Aliyense ankadziwa kuti akana. Cholinga chake n'chakuti wosewera akakana n'kupita kwina, timu yomwe wachokako ilandire chipukuta misozi cha mwayi umodzi posankha achinyamata, pomwe yomwe yamutenga ilandidwe. Popeza Yankees inkalipira msonkho wa matimu owononga kwambiri, chipukuta misozi chakecho chinali chakumunsi, pambuyo pa ndime yachinayi ya masankho. Dziwaninso kuti wosewera amaikidwa pa dongosololi kamodzi kokha m'moyo wake, ndipo ayenera kukhala atatha sizoni yonse pa timuyo.

Ndiye anapindula ndani? Soto anamenya ma home run (mipira yomenyedwa mpaka kudutsa mpanda wa bwalo) 41 mu sizoni ya 2024, ndipo ina ya m'ndime ya chipulula, mu inning (chigawo cha masewero) ya 10 polimbana ndi Cleveland, ndiyo inalowetsa Yankees mu World Series, masewero omaliza olimbirana chikho, koyamba chichokere 2009. Kumeneko Los Angeles Dodgers inawagonjetsa masewero 4 kwa 1. Ku San Diego, King anaponya ma inning oposa 170 bwino kwambiri, Thorpe anasinthidwanso mu Malichi kupita ku Chicago White Sox kuti Padres ipeze Dylan Cease, ndipo timuyo inapambana masewero 93 popanda Soto, kuposa momwe inachitira ali pomwepo. Ku Washington, Abrams, Gore ndi Wood onse anafika posankhidwa mu All-Star, masewero a akatswiri a ligi yonse, koma timu inapitirirabe kugonja: masewero 91 mu 2024 ndi 96 mu 2025. Sapota wa timu iliyonse mwa zitatuzi ali ndi mfundo yomveka yoti anapambana komanso yoti anaberedwa, ndipo n'chifukwa chake nkhaniyi siitha.

Mphukira imaweruzidwa bwanji

Apa ndi pomwe masapota amasochera kwambiri. Timu iliyonse mwa 30 ili ndi matimu ake aang'ono m'masitepe anayi, Single-A, High-A, Double-A ndi Triple-A, kuphatikiza a ana ongoyamba kumene ku Florida, Arizona ndi Dominican Republic. A Yankees, mwachitsanzo, ali ku Tampa, Hudson Valley, Somerset ndi Scranton. Nyengo yozizira iliyonse Baseball America, MLB Pipeline, FanGraphs ndi Baseball Prospectus amatulutsa mindandanda ya achinyamata pafupifupi 100 olonjeza kwambiri, ndipo dzina likangolowamo masapota amayamba kumuona mwanayo ngati katswiri wotha kale.

Osaka luso amapereka malikisi pa sikelo yoyambira 20 kulekeza 80. Malikisi 50 ndiye wosewera wapakatikati wa mu ligi yaikulu, 60 ndi woposa anzake, 80 ndi wosowa. Womenya amayesedwa pa zinthu 5: kukhudza mpira, mphamvu, liwiro, kugwira mpira m'bwalo ndi mkono woponyera. Woponya amayesedwa pa mtundu uliwonse wa mpira womwe amaponya komanso kulunjika kwake. Cholakwika chofala n'kuona 50 ngati malikisi olephera. Mnyamata yemwe wadzakhaladi wa 50, wosewera tsiku ndi tsiku kwa zaka 6 pamalipiro otsika, ndi chuma chomwe pamsika wa omasuka chingadye madola mamiliyoni makumimakumi. Cholakwika china n'kuiwala kuti malikisiwo akunena za momwe angadzakhalire zonse zikayenda bwino, osati momwe alili lero.

Ziwerengero za m'maligi aang'ono zimanama ngati munthu saziwerenga ndi zinthu zitatu pambali. Choyamba ndi msinkhu: wazaka 19 yemwe akungochita zapakatikati mu Double-A ndi wamtengo kuposa wazaka 24 yemwe akuphwasula mu Single-A, chifukwa wachiwiriyu akumenya ana. Chachiwiri ndi bwalo. Mu Pacific Coast League, ligi ya Triple-A, muli mizinda yokwera ngati Albuquerque ndi Reno komwe mpweya ndi wopepuka, mpira umauluka patali ndipo mipira yokhota siikhota mokwanira. Womenya amaoneka chimphona, woponya amaoneka wosatha. Chachitatu ndi kuchuluka kwa nthawi zomwe womenya amaphonya mpaka kutulutsidwa. Mwana yemwe akutulutsidwa chonchi kamodzi pa maulendo atatu alionse mu Double-A amakavutika zedi akakumana ndi oponya a ligi yaikulu, omwe amapeza msanga mbali yomwe ndodo yake siifika n'kumangoponya pomwepo. Double-A ndiye sefa yeniyeni, poti m'pomwe oponya amayamba kulunjikitsa mipira yokhota ngakhale ali pampanipani.

Kwa oponya vuto ndi chigongono. Mtsempha wamkati mwake umaduka chifukwa choponya mwamphamvu mobwerezabwereza, ndipo opaleshoni yake, yomwe inatenga dzina la Tommy John yemwe dokotala Frank Jobe anamuchita koyamba mu 1974, imamukhazika munthu pansi miyezi 12 mpaka 18. Drew Thorpe, yemwe masapota ena a Yankees ankamulira mu Disembala 2023, anachitidwa opaleshoni yomweyi mu 2025. N'chifukwa chake akuluakulu a matimu amalolera kutaya woponya wachinyamata msanga kusiyana ndi womenya wa malikisi ofanana.

Zitsanzo zilipo mbali zonse ziwiri, ndipo aliyense pamkangano amatola zomukomera. Wokonda kusunga ana amatchula Fernando Tatis Jr., yemwe White Sox inamupereka ku San Diego mu 2016 ali ndi zaka 17, asanasewere n'kamodzi komwe, posinthana ndi James Shields yemwe anali atayamba kutha. Wokonda kugula akatswiri amatchula Mookie Betts, yemwe Boston inamutumiza ku Dodgers mu Febuluwale 2020 atatsala ndi chaka chimodzi, n'kulandira Alex Verdugo, Jeter Downs ndi Connor Wong. Betts anasaina zaka 12 n'kutenga chikho chaka chomwecho, pomwe Downs, yemwe ankatamandidwa kwambiri mwa atatuwo, sanakhazikike mu ligi. Ngakhale wosankhidwa woyamba m'dziko lonse sakhala wotsimikizika. Brien Taylor, yemwe Yankees inamusankha pa nambala 1 mu 1991, anavulala phewa pa ndewu mu 1993 ndipo sanapondemo mu ligi yaikulu, chonsecho Albert Pujols anasankhidwa mu ndime ya 13 ndipo Mike Piazza mu ndime ya 62, koma onsewa anadzakhala akatswiri. Kunena mosapsatira, ambiri mwa ana omwe masapota amawalira sadzakhala akatswiri. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma timu yomwe imangogulitsa ana chaka ndi chaka imadzapezeka ndi madoda okhaokha odula, opanda wolowa m'malo wina akavulala.

Mipando 40

Zosintha zina zomwe zimadabwitsa masapota mu Novembala zimachokera pa masamu a mipando basi. Timu imakhala ndi osewera 26 ogwira ntchito, oponya osaposa 13, koma onsewa amatengedwa pa mndandanda wa anthu 40. Mwana yemwe anasainidwa ali ndi zaka 18 kapena kucheperapo ayenera kulowetsedwa mu 40 imeneyi pasanathe masizoni 5, wazaka 19 kupita m'mwamba pasanathe 4. Akasiyidwa kunja, timu ina itha kumutenga mu Rule 5 Draft ya mu Disembala polipira madola 100,000. Lamulo lake ndi lakuti womutengayo amusunge pakati pa 26 sizoni yonse. Akalephera, amamubweza kwa eni ake pa madola 50,000. Pittsburgh inamupeza katswiri Roberto Clemente mwanjira yotere mu 1954 kuchokera ku Brooklyn Dodgers, ndipo mu 2020 Boston inatola woponya Garrett Whitlock kwa Yankees, adani ake enieni, panthawi yomwe anali akuchira opaleshoni ya chigongono.

Kuti mwana alowe, wina atuluke. Wosewera aliyense ali ndi zaka 3 zomwe timu ingamutsitsire ku ligi yaing'ono mosavuta. Zikatha, kumutsitsa kumafuna kuti ayambe waperekedwa kwa matimu ena onse, ndipo aliyense atha kumutola popanda kupereka wosewera wina. Palinso tsiku lakumapeto kwa Novembala lomwe timu imasankha kupereka kapena kusapereka kontrakiti kwa osewera ake a arbitration. Popeza malipiro m'dongosololi satsika kwenikweni ngakhale munthu asewere moipa, wosewera wa dzina amatha kungomasulidwa. Dodgers inatero ndi Cody Bellinger mu 2022, patangotha zaka 3 atapata mphotho ya MVP, ya wosewera wofunika koposa, ndipo Cubs inamutola pa madola 17.5 miliyoni a chaka chimodzi n'kutsitsimuka.

Msonkho wa olemera

Baseball ilibe malire okhwima a malipiro ngati maligi ena a ku America. Ili ndi msonkho wotchedwa Competitive Balance Tax. Mzere wake unali madola 237 miliyoni mu 2024, 241 miliyoni mu 2025 ndi 244 miliyoni mu 2026. Wodutsa mzerewu koyamba amalipira 20 pa 100 ya ndalama zopitirirazo, chaka chachiwiri chotsatizana 30, chachitatu 50. Pamwamba pake pali misonkho yowonjezera pa madola 20 miliyoni, 40 miliyoni ndi 60 miliyoni opitirira, kotero kuti timu yomwe yakhala ikudutsa kwa zaka 3 ndipo ili pamwamba penipeni imalipira 110 pa 100. Wosewera wa madola 10 miliyoni amaidyera 21 miliyoni. Sapota akamafunsa chifukwa chomwe timu yolemera yalekera woponya wotchipa, yankho nthawi zambiri limakhala limeneli. Komanso chomwe chimawerengedwa si ndalama yolandiridwa chaka chimenecho koma mtengo wonse wa kontrakiti wogawidwa ndi zaka zake.

Apa m'pomwe Dodgers inachenjerera ndi katswiri wa ku Japan Shohei Ohtani mu Disembala 2023. Kontrakiti yake ndi ya madola 700 miliyoni pa zaka 10, koma amalandira 2 miliyoni yokha pachaka. 680 miliyoni yotsalayo adzalipidwa kuyambira 2034 mpaka 2043 popanda chiwongoladzanja. Popeza ndalama ya mtsogolo ndi yopepuka kuposa ya lero, pamsonkho imawerengedwa ngati pafupifupi 46 miliyoni pachaka m'malo mwa 70. Ya Soto ilibe kuchedwetsa kulikonse, kotero kusiyana kwa makontrakiti awiriwa n'kwakukulu kuposa momwe 765 ndi 700 zikuonekera. Matimu aang'ono akudandaula, eni ena akufuna malire okhwima, bungwe la osewera likukana, ndipo mgwirizano wa mu 2022 unalembedwa kuti uthe pa 1 Disembala 2026. Mgwirizanowu usanasainidwe, eni matimu anatseka ligi kwa masiku 99.

Chomwe chinakweza Soto chonchi ndi msinkhu. Ambiri amamasuka ali ndi zaka 29 kapena 30, mphamvu zitayamba kutsika, ndipo wogula amalipira zomwe munthu anachita kale. Los Angeles Angels inapatsa Pujols madola 240 miliyoni a zaka 10 ali ndi zaka 31, ndipo inamumasula mu Meyi 2021 kontrakiti isanathe. Soto analowa mu ligi ali ndi zaka 19, choncho zaka zake 6 zinatha akadali pachimake. Luso lake lalikulu, losiya mipira yoipa mpaka woponya atamupatsa njira yaulere yopita patsogolo osamenya mpira, ndi lomwe silitha msanga ngati liwiro la miyendo.

Atamutaya, Yankees inamwaza ndalamazo pa anthu angapo: woponya Max Fried pa madola 218 miliyoni a zaka 8, Paul Goldschmidt pa chaka chimodzi, ndiponso Bellinger uja ndi Devin Williams mosinthana. Mu 2024, Soto alipo, inapambana masewero 94. Mu 2025, iye kulibe, inapambananso 94, koma inatulutsidwa ndi Toronto isanafike patali. Ku Mets, Soto anamenya ma home run 43, oposa a chaka china chilichonse m'mbuyomo, koma oponya anafooka m'miyezi yomaliza ndipo timu inathera pa masewero 83, kunja kwa chipulula, kontrakiti yake itatsala ndi zaka 14.